Mtsutso: Kodi Mafuta Omasulira Mabawuti Ndi Okwanira Kutsukira Mpope wa Mfuti?

Mfuti ikalira, m'kati mwa mpope wake simukhala mmene munalili. Wonga ukapsa umasiya mwaye wouma womwe umamatirira pa chitsulo. Mutu wa chipolopolo umakhula m'mbali podutsa, n'kusiya mkuwa ngati uli wokutidwa ndi mkuwa, kapena mtovu ngati uli wa mtovu wokhawokha. Zipolopolo zina, makamaka zakale za asilikali, zimasiyanso mchere. Chinyezi cha mumpweya chikafika pamenepo, dzimbiri silichedwa. N'chifukwa chake msilikali, wapolisi, woteteza nyama zam'nkhalango, mlenje wa chiphaso ndi wochita mpikisano wowombera chandamale, onse amaphunzitsidwa kuti akachoka kowombera, chotsatira ndi kutsuka.

Pomwe amasiyana maganizo ndi pa chotsukira. Kwa zaka zambiri eni mfuti, makamaka ku America komwe nkhaniyi imakambidwa kwambiri, akhala akukangana za mafuta amadzimadzi aja omwe amakaniko amapopera pa bawuti yomwe yakana kumasuka chifukwa cha dzimbiri. Mafutawa amalowerera m'timing'alu tomwe oyilo wa injini sangafikemo. Kumeneko otchuka ndi Kroil, PB Blaster ndi Liquid Wrench. Kuno kum'mwera kwa Africa ambiri timadziwa Q20 wa ku South Africa ndi WD-40, ngakhale kuti WD-40 anapangidwa mu 1953 ku San Diego kuti azithamangitsa madzi pa chitsulo cha mizinga ya Atlas, osati kwenikweni kumasula mabawuti. Mutu womwe tikuuyesa ndi uwu: mafuta omasulira mabawuti ndi okwanira kutsukira mpope wa mfuti.

MBALI YOVOMEREZA

1. Ntchito yomwe mafutawa anapangidwira imafunikadi mu mpope. Litsiro la mu mfuti si fumbi loti n'kungopukuta. Limakakamira, ndipo limabisala m'ngodya za timigula tomwe timazungulira m'kati mwa mpope kuti chipolopolo chizipota potuluka. Mafuta olowerera amapeza kampata pakati pa litsirolo ndi chitsulo, n'kulowa pansi pake, n'kulikanganula. Kampani ya Kano Laboratories ya ku Nashville, yomwe imapanga Kroil, imati mafuta ake amalowa ngakhale mu mpata wochepa ngati gawo limodzi la magawo 1,000,000 a inchi. Amenewo ndi mawu a wogulitsa, ndipo womva ali ndi ufulu wowakayikira. Koma pa mtovu zotsatira zimaoneka ndi maso. Munthu akanyowetsa mpope wa mfuti yomwe yawombera zipolopolo za mtovu, n'kuusiya usiku wonse, m'mawa akakankhamo kansalu kothina bwino kamatuluka kakuda, kali ndi tizibenthu tonyezimira, tina tatitali topyapyala tomwe tasupuka m'timigula muja. Mafutawo sanasungunule mtovuwo, angoulekanitsa ndi chitsulo, ndipo kwa wotsuka zimenezo n'zimene amafuna.

2. Anthu osamala mipope kuposa wina aliyense amawagwiritsa ntchito. Pa mpikisano wotchedwa benchrest, mfuti imakhazikidwa pa tebulo lolimba, ndipo cholinga n'choti zipolopolo zisanu zilowe pafupifupi pa bowo limodzi pa mtunda wa mayadi 100 kapena 200. Mipope ya anthu amenewa ndi yokwera mtengo, ndipo amaitsuka pafupipafupi, ngakhale mpikisano uli m'kati. Ambiri mwa iwo akhala akugwiritsa ntchito Kroil pamodzi ndi phala lokwechera mpope lotchedwa J-B, ena n'kumamusakaniza ndi mankhwala ena otsukira. Akadakhala kuti mafutawa amawononga chitsulo kapena kusokoneza kulondola kwa mfuti, iwowa ndiwo akadayamba kuwataya.

3. Ndi ofatsa pa chitsulo. Mankhwala amphamvu ochotsa mkuwa amakhala ndi ammonia, ndipo ena, monga Sweet's 7.62 wa ku Australia, amabwera ndi chenjezo loti asakhale mu mpope kupitirira mphindi 15. Woiwala akhoza kuwononga chomwe amafuna kusamala. Mafuta olowerera alibe vuto limenelo. Ukhoza kuwasiya tsiku lathunthu osadandaula, ndipo popeza nthawi ndiyo imagwira ntchito yaikulu, wotsuka sakwecha kwambiri. Mfundo imeneyi si yaing'ono, chifukwa mipope yambiri imaonongeka ndi ndodo yotsukira yomwe imakhula kukamwa kwa mfuti. Pakamwapo pakaperepeseka mbali imodzi, mpweya wotentha umatuluka mopendekeka n'kupatutsa chipolopolo.

4. Malire a mafuta omasulira ndi mankhwala otsukira mfuti si aakulu monga ogulitsa amanenera. Chitsanzo ndi msakanizo wodziwika wotchedwa Ed's Red, womwe anautchukitsa C. E. Harris potengera chotsukira chakale cha ku Frankford Arsenal chomwe Julian Hatcher analemba m'buku lake la Hatcher's Notebook. Mumalowa zinthu zinayi pa muyeso wofanana: oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, parafini, mineral spirits ndi acetone. Amakaniko nawo amasakaniza oyilo yemweyo ndi acetone pofuna kumasula bawuti youma. Ovomereza amafunsa kuti ngati zinthu zake n'zapachibale chotere, n'chifukwa chiyani chitini china chiziloledwa pa mfuti pomwe chinzake chikuletsedwa?

5. Amapezeka, ndipo mfuti yosatsukidwa n'komwe ndiyo yoopsa koposa. Ku nkhondo ya ku Vietnam, mfuti za M16 zinafika kwa asilikali ambiri a America popanda zida zokwanira zotsukira, ena atauzidwa kuti mfutiyo sifuna kutsuka kawirikawiri. Wonga unali utasinthidwa, chipinda cholowa chipolopolo chinali chosakutidwa ndi chrome, ndipo m'chinyezi cha dzikolo mfuti zinkakanirira nkhondo ili m'kati. Asilikali anafa, mpaka mu 1967 komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi Richard Ichord inafufuza nkhaniyo. Kuno kwathu mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo amene amayenda ndi mfuti m'tchire la ku Liwonde kapena Nkhotakota nyengo imeneyo amanyowa pamodzi ndi mfuti yake. Sitolo ya zitsulo ya pa boma ikhoza kukhala ndi Q20 kapena WD-40, koma botolo la mankhwala otsukira mfuti n'lovuta kulipeza. Kumuuza munthu wotere kuti asakhudze chitini chomwe ali nacho ndi kumuuza kuti asiye mfuti yake idyedwe.

6. Pa mfuti yomwe yagwira kale dzimbiri, kapena yomwe tizomangira take tauma, palibe amene amatsutsa kwenikweni. Ngakhale akatswiri okonza mfuti amayamba n'kuinyika m'mafuta amenewa.

MBALI YOTSUTSA

1. Mafuta sasungunula mchere. Iyi ndiyo mfundo yolemera kuposa zonse za mbali ino, ndipo ili ndi mbiri yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 asilikali ankadabwa kuona mfuti yotsukidwa bwino, yopakidwa mafuta, ikupezeka ndi dzimbiri patangopita masiku ochepa. Ambiri ankati wonga umasiya asidi yemwe amalowa m'chitsulo n'kumatuluka pang'onopang'ono. Mu 1922 Wilbert Huff wa ku Bureau of Mines ya dziko la America anaonetsa kuti gwero lake linali lina. Kambale kakang'ono koyatsira wonga, komwe kamakhala kumbuyo kwa chipolopolo, kankakhala ndi potassium chlorate, yemwe akapsa amasanduka potassium chloride. Umenewu ndi mchere, ndipo umakoka chinyezi monga mchere wa m'khitchini umanyowera wokha m'dzinja. Mafuta akapakidwa pamwamba amangoufunditsa, iwo n'kumapitiriza kudya chitsulo kunsi. Chouchotsa ndi madzi. Asilikali a Britain ankathira madzi owira kudzera pa fanulo mu mpope wa Lee-Enfield .303, mfuti yomwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ananyamulanso, ndipo kutentha kwa madziwo kunkathandiza kuti chitsulo chiume msanga asanapake mafuta.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale, popeza asilikali a America anasiya zipolopolo zoterezi m'zaka za m'ma 1950. Koma mayiko omwe anali mbali ya Soviet Union anapitiriza kuzipanga kwa nthawi yaitali, ndipo zipolopolo zotsala za 7.62x39 ndi 7.62x54R zidakali mbwee padziko. Mpope wa AK-47 kawirikawiri umakhala wokutidwa ndi chrome ndiye umapirira, koma mcherewo umafikanso mu kapaipi ka mpweya ndi pa pisitoni. Wopopera mafuta olowerera amaona mpope ukunyezimira n'kukhulupirira kuti wamaliza. Akadzasuzumira patapita masiku atatu amapeza timadontho tofiirira tatuluka m'timigula, ndipo akatipukuta pansi pake pamatsala timaenje tomwe sitidzafafanizika.

2. Sachotsa mkuwa. Mfuti zothamangitsa chipolopolo kwambiri zimasiya mkuwa womatirira m'mizeremizere, ndipo ukachuluka mfuti imayamba kumwaza. Mankhwala a mkuwa amaudya ndithu, n'chifukwa chake kansalu kamatuluka kobiriwira. Ndi mafuta olowerera kansalu kakhoza kutuluka koyera mkuwa udakali momwemo. Ngakhale Ed's Red, yemwe ovomereza amamutchula, sasungunula mkuwa. Ndipo akatswiri a benchrest aja sagwiritsa ntchito Kroil yekha. Chomwe chimakwecha ndi phala la J-B, kapena mankhwala omwe amusakaniza nawo.

3. Sakhalitsa. Kuti alowerere bwino amayenera kukhala opyapyala, ndipo gawo lalikulu la zomwe zili m'chitini limauluka. Chotsala n'chochepa poyerekeza ndi oyilo wopangira kusunga mfuti, motero mfuti yoikidwa m'kabati miyezi ingapo sikhala yotetezedwa mokwanira. Okonza mfuti ambiri amadandaulanso kuti mafuta ena opopera, akathiridwa mobwerezabwereza osapukutidwa, amasiya zomata zomwe zimagwira fumbi n'kulemeretsa tizitsulo ta m'kati.

4. Amapita komwe sanatumidwe. Luso lawo lolowerera silisankha mpata. Akatsikira ku thabwa la mfuti amalinyowetsa, pakapita zaka limada n'kufewa pomwe limakumana ndi chitsulo, ndipo likhoza kung'aluka ndi kukankha kwa mfuti. Ichi n'chifukwa chake odziwa amaimika mfuti yopakidwa kumene mafuta mozondotsa, kukamwa kuli pansi. Mafutawo akafika pa tizitsulo tokhethemulira amabweretsa litsiro pamalo ofunika ukhondo. Choopsa kwambiri ndi chipolopolo chomwe chakhala mu mfuti yonyowa. Mafuta akhoza kulowa m'mphepete mwa kambale koyatsira kaja kapena pakhosi pa chigoba cha chipolopolocho n'kunyowetsa wonga. Apa umboni si wa mbali imodzi: zipolopolo za asilikali zimamatidwa ndi utoto woteteza ndipo zimapirira, pomwe zina, monga zazing'ono za .22, sizichedwa kulowa mafuta. Koma amene akuyang'anizana ndi njati yovulala sangadalire mwayi. Ndipo chipolopolo cholira mofooka chikhoza kutsakamira pakati pa mpope, chotsatira n'kudzachiwomba kumbuyo.

5. Mafuta otsalira ndi ngozi powombera. Chipolopolo cha .308 Winchester chimaloledwa kufika mphamvu ya psi 62,000. Pa kanthawi komwe mfuti ikulira, chigoba chimafufuma n'kugwira makoma a chipinda chake, ndipo kugwira kumeneko kumachepetsa mphamvu yobwerera kumbuyo. Makomawo akakhala oterera, katundu wochuluka amagwera pa chitsulo chotsekera, chomwe chili pafupi ndi nkhope ya wowombera. Mafuta ochuluka mu mpope nawo amapatutsa chipolopolo choyamba, ndipo akadikha akhoza kutupitsa mpope. Zoona, vuto limeneli lili pa mafuta a mtundu uliwonse. Otsutsa amangowonjezera kuti mafuta opopera amathiridwa mosayeza, ndipo amapitiriza kutuluka m'timing'alu wotsuka atapukuta kale.

6. Pali mfuti zomwe sizigwirizana nawo n'komwe. Mu mfuti ya mpweya yoyendera sipuling'i, mafuta opsa msanga akalowa mu silinda amayaka ndi kupanikizika kwa mpweya, n'kuwononga zotsekera ndi sipuling'iyo. Mfuti za wonga wakuda zodzazira kukamwa, za mtundu womwe kuno timati gogodela, litsiro lake limachoka ndi madzi, ndipo likakumana ndi mafuta ochokera ku petulo limasanduka phula lovuta kuchotsa.

7. Zotsukira zopangidwira ntchitoyi zilipo kuyambira kale. Hoppe's No. 9 anayamba mu 1903. Ballistol anapangidwa ku Germany mu 1904 kuti azigwiritsidwa ntchito ndi asilikali, ndipo amasakanikirana ndi madzi, zomwe zimamuthandiza pa nkhani ya mchere ija. Asilikali a America ali ndi oyilo wotchedwa CLP, yemwe amayesedwa pa ntchito zitatu: kutsuka, kufewetsa ndi kuteteza ku dzimbiri. Chitini cha mu galaja sichinapangidwire muyeso umenewo.

CHIGAMULO

Si pa zonse pomwe mbali ziwirizi zikutsutsana. Ovomereza akunena zoona kuti mafutawa sawononga chitsulo, amafewetsa mwaye, amakanganula mtovu, ndipo amapulumutsa mfuti yonyowa. Otsutsa sanagwetse mfundo zimenezi, ndipo amene amanena kuti dontho limodzi la WD-40 limapha mfuti amakokomeza. Mfundo zina za otsutsa, monga ya thabwa ndi ya mafuta otsalira, zikudzudzula dzanja lothira mopyola muyeso kusiyana ndi mafuta enieniwo. Munthu wothira pa kansalu m'malo mopopera mwachindunji, wopukuta mpaka pouma, wathana nazo kale.

Koma mutu sunafunse ngati mafutawa amathandiza. Wafunsa ngati ali okwanira, ndipo pamenepo ine ndikuima ndi otsutsa. Mwa zinthu zinayi zomwe zimatsala mu mpope, mafuta olowerera amalimbana ndi ziwiri, mwaye ndi mtovu. Mkuwa amausiya, mchere amaubisa. Kubisako ndiko kumandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa chotsukira chomwe chalephera poyera chimakutuma kukafuna china, pomwe ichi chimakupatsa mpope wowala n'kukuuza kuti ukagone. Umboni wamphamvu wa ovomereza, wa akatswiri a benchrest, ukaupenda bwino ukuonetsa mafutawa akugwira ntchito limodzi ndi zinthu zina, m'manja mwa anthu owombera zipolopolo zopanda mchere, otsuka tsiku lomwelo, osunga mfuti m'nyumba youma. Ochepa mwa onyamula mfuti pa ntchito ali ndi mwayi wotere.

Malo oyenera mafutawa ndi pakati pa ntchito, osati poyambira ndi pothera pomwe. Wotsuka amayamba n'kuchotsa zipolopolo zonse, kusuzumira ndi kupisa chala kuti atsimikize kuti mulibe kanthu, n'kuziika kutali ndi pomwe pali mafuta. Ngati zipolopolo zomwe wawombera zili zakale za asilikali, kapena sakudziwa komwe zinachokera, madzi otentha ndiwo ayambe, osadikira mawa. Mpope ukauma, apo ndi pomwe kansalu konyowetsedwa ndi mafuta olowerera kamadutsa, kuchokera kumbuyo ngati mfutiyo ikulola, n'kupatsidwa nthawi. Bulashi imatsatira, kenako tinsalu touma mpaka titayamba kutuluka toyera. Mankhwala a mkuwa safunika tsiku lililonse, koma mfuti ikayamba kumwaza kapena mizere yofiirira ikaoneka pakamwa pake, palibe cholowa m'malo mwake. Posunga, oyilo weniweni wa mfuti apakidwe mopyapyala, ndipo asanakawombere, mpope ndi chipinda cha chipolopolo zipukutidwe ziume. Zonsezi zichitikire podutsa mphepo, ndipo manja asambidwe, popeza tinsalu timeneti timakhala ndi mtovu.

Nanga uja ali kutchire ndi chitini chimodzi chokha? Kwa iye mfundo yachisanu ya ovomereza ikuimabe, ndipo sindingamuletse. Apopere, apukute, koma awiritsenso madzi ngati zipolopolo zake zili zokayikitsa, ndipo asuzumire mu mpope mawa lake ndi mkuja, chifukwa chitetezo chomwe wapakacho n'cha masiku ochepa. Kuperewera kwake si mlandu wake. Ndi wa amene anamupatsa mfutiyo. Bungwe lililonse lomwe limapereka mfuti kwa antchito ake, kaya ndi la boma, loteteza nyama kapena la alonda, liyenera kuika ndodo yotsukira, bulashi, tinsalu, mankhwala a mkuwa ndi oyilo wosungira pa ndondomeko yomweyo yogulira zipolopolo, ndi kuuza wonyamula mfutiyo ngati zipolopolo zomwe wapatsidwa zili zosiya mchere.